Mkamwini Wothawira pa Mvula

Mvumbi wa chaka cha 1996 unayamba kumapeto kwa Seputembala ndipo unakana kukata. Anthu a ku Toronto anazolowera kuyenda chowerama, maambulera akugundana pa siteji ya basi. Koma mukanadutsa pa Centennial Park ku Etobicoke dzuwa litapendeka, ngati dzuwalo linalipo, mukanaona munthu mmodzi wamtali, atavala majumbo apulasitiki mkati mwa nsapato, akuponya mbale pakati pa mitengo. Ameneyo anali Medson Chagunda wa ku Dedza, kalaliki wa pa nyumba yosungira katundu pafupi ndi bwalo la ndege.

Masewerawo amati gofu wa mbale. Ndodo palibe, mpira palibe. Umaima pamalo oikika n'kuponya mbale yapulasitiki kuloza dengu lachitsulo lomwe lili patali, lolendewera maunyolo. Pomwe yagwera upite, uiponyenso, mpaka imveke ikulira m'maunyolomo. Ukatha madengu onse, wamaliza. Medson sankawakonda masewerawo ngakhale pang'ono. Iye ankangofuna malo oti munthu akhalepo kuyambira thu koloko mpaka seveni popanda womufunsa kuti akudikira yani.

Kunyumba kunali apongozi.

Mkazi wake Bertha anali namwino pa nyumba yosamalira okalamba. Atabadwa mwana wawo Mwiza, Bertha anaitanitsa mayi ake, a Nangozo, kuchokera ku Ntcheu kuti adzalere khandalo miyezi isanu ndi umodzi, iye abwerere kuntchito. Tsono Medson anakulira m'mudzi momwe mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera m'njira amapatukira kutchire. Sayang'anana, sadyera pamodzi, sakhala m'chipinda chimodzi. Kumudzi zimenezo n'zosavuta, tchire ndi lambiri. Nyumba ya ku Etobicoke inali pa nsanjika yachisanu ndi chinayi: zipinda ziwiri, pabalaza, ndi kakolido kamodzi kopanikiza kolowera kubafa.

Medson ankaweruka thu koloko, Bertha seveni. A Nangozo akangomva kiyi pachitseko ankanyamula mwana n'kukadzitsekera kuchipinda. Medson ankakhosomola asanalowe m'kolido, iwonso ankakhosomola mkatimo kusonyeza kuti amva. Tsiku lina anapeza kachidebe ka ayisikilimu katachapidwa, kataimikidwa kuseri kwa chitseko cha bafa, kakununkha mankhwala otsukira m'chimbudzi. Anakayang'ana nthawi yaitali. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ankadzithandizira m'kachidebe poopa kukumana naye. Mawa lake ataweruka sanapite kunyumba.

Anayesa kukhala m'sitolo zazikulu, alonda anayamba kumutsatira. Anayesa mu laibulale, tulo tinkamugwira n'kumaliza mkonono. Amene anamupulumutsa ndi Webster Zulu wa ku Chipata, mnzake wa kutchalitchi, yemwe ankagwira ntchito m'labu ya chipatala china ndipo masana ankakhala mfulu. Webster anali ndi chikwama chodzaza mbale ndi pakamwa posatopa. Anamubwereka mbale ziwiri, yofiira ndi yoyera, n'kuyamba kumuzunguza. Lolemba ku Centennial. Lachiwiri pa chilumba, kuwoloka ndi feri. Tsiku lina kupyola Brampton pa galimoto ya Webster yomwe inkadontha padenga. Konsekonse mvula inali yomweyo, matope omwewo, ndipo madengu ankaima okhaokha m'mapaki opanda anthu.

"Mudala, iwe siuponya, utaya," ankatero Webster. "Mbale siichita kukankhiwa monga ngolo. Imasule."

"Zala zafa, achimwene."

"Zala zafa chifukwa uli na nyumba yofunda koma ugona mu paki. Amalawi mwandigonjetsa."

Lachitatu la sabata yachinayi, Medson anali pansi polowera m'nyumba yawo, akudikira Bertha monga mwa masiku onse kuti akwere limodzi. Bertha analowa akukutumula ambulera. Sanamupatse moni. Analowa mu lifiti, chitseko n'kutsekeka.

"Mayi alongedza," anatero Bertha. "Akuti ndiwasinthire tikiti. Lamlungu."

"Lamlungu liti?"

"Likubwerali. Akuti sanabwere kuno kudzathamangitsa mwini nyumba."

"Koma ine ndikuwapatsa ulemu."

"Ulemu wanuwo wandidula miyendo, bambo a Mwiza. Akapita ine ntchito ndisiya, ndipo malo amenewa sindidzawapezanso. Mwanayu amulera ndani, madengu anuwo?" Anayang'ana thalauza lake lamatope mpaka m'mawondo. "Ine ndayankhula nawo, akungondiyang'ana. Muyankhule nawo ndinu."

"Ine? Ndi pakamwa pangapa?"

"Muli ndi pena?"

Bertha anakulira m'sukulu zogonera ndi ku Blantyre. Kwa iye mwambowo unali ngati chifuwa, choti munthu angomwa mankhwala chithe. Lifiti inaima, Medson n'kukhosomola chitseko chisanatseguke n'komwe.

Lachinayi anawoloka ndi Webster kupita pa chilumba. Mu feri munali anthu asanu okha ndi njinga imodzi. Mphepo ya pa nyanja inkagwetsa mvula chammbali, moti mzinda kumbuyo kwawo unkangooneka mbuu, nyumba zitalizitali zopanda mitu. Pa dengu lachinayi Medson anaponya mbale yoyera. Mphepo inainyamula, inaitembenuza, n'kukaiika pamadzi. Anaima n'kumaiyang'ana ikumira.

"Yapita ku America iyo," anatero Webster.

Anakabisala pansi pa mtengo wa paini womwe sunkateteza kanthu. Medson anafotokoza za sutikesi ndi za Lamlungu, kenako anapempha chomwe anabwerera.

"Achimwene, ankhoswe anga ali ku Dedza. Kalata mpaka ifike mayiwo adzakhala atabzala kale chimanga. Mukandiyankhulire ndinu."

"Ine?" Webster anaseka mpaka kutsokomola. "Mukazi wanga ananithaba mu naintini nainte-thu, anasiya chabe mahang'ala. Ningankhale nkhoswe wa ndani? Apongozi ako akaniona azafulumiza ndeke."

"Ndiye nditani? Sindingawayang'ane kumaso. Miyendo imakana."

"Ndani wakamba zoyang'ana? Amalume anga ku Katete anankhala zaka teni na apongozi pa khomo limodzi, ndipo anali kukambilana tsiku lililonse. Anali kukambila kuli galu. 'Iwe Bingo, uwauze amayi kuti mbuzi zalowa mu dimba.' Amayi nawo, 'Bingo, uwauze ati namvela.' Galu uja atafa analila onse awili."

"Ife galu tilibe."

"Muli na mwana. Mwana aposa galu, samathaba."

Medson anati aseke, koma mano ankagundana. Anamaliza madengu otsalawo ndi mbale yofiira, osawerenga n'komwe kuti waponya kangati, kenako anakhala pa doko kudikira feri, madzi akuyenderera m'khosi mwa jekete.

Lachisanu anaweruka thu koloko n'kukwera basi yopita kunyumba. Pachitseko anaima ndi kiyi m'manja mpaka nyale ya m'khonde inayamba kumupweteka m'maso. Atatsegula anamva mapazi akuthamanga, chitseko cha kuchipinda n'kutsekeka. Pabalaza panali sutikesi yabuluu, yomangidwa ndi chingwe cha nayiloni, dzina litalembedwa pa kapepala.

Anavula nsapato. Anakhosomola. Mkatimo munamveka kukhosomola. Anakhala pansi m'kakolidomo, msana kuchitseko, nkhope kukhoma.

"Mwiza," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Mwiza, uwauze agogo ako kuti bambo ako abwera."

Kenako bedi linalira, ngati munthu wakhala tsonga.

"Mwiza, uwauze kuti ndamva," anatero a Nangozo.

"Uwauze kuti nyumba ino ndi yawo. Palibe amene wandithamangitsa. Ndimachoka dala kuti iwo amasuke, aziyenda m'nyumba muno mwaufulu. Uwapemphe asapite."

Mwanayo anatulutsa kamawu kake, a Nangozo n'kumutonthoza.

"Mwiza, uwafunse bambo ako kuti dzulo anali kuti. Sindinawaone. Lolemba ndinawaona, mbale yofiira ija inagwera m'chithaphwi, anachita kuivuula ndi ndodo. Mnzawo wamfupi uja ankawaseka."

Medson anatsala pang'ono kutembenuka. Anali asanalowemo m'chipindacho chifikireni apongozi, ndipo anali ataiwala kuti windo lake linayang'ana kupaki.

"Tsiku lililonse timaima pawindo, ine ndi iwe," anapitiriza a Nangozo. "Timawaona ali pansi, akuponda dothi, akupita uku, akupita uko. Ine chibwerereni phazi langa silinaponde dothi. Kutchalitchi timapita pa galimoto, kutsika pa simenti, kukwera pa simenti. Chitseko cha nyumba ino ukangotuluka chimadzikhoma chokha, ndipo makiyi ndi awiri, wina mayi ako, wina bambo ako. Uwauze kuti kumudzi mkamwini akapatukira kutchire, njira amakusiyira. Kuno andisiyira makoma."

Medson anayang'ana khoma lomwe linali patsogolo pake. Linali ndi kamng'alu kopyapyala kotsika kuchokera kudenga.

"Uwafunse, Mwiza, bwanji sanawauze mayi ako?"

"Ndinene kuti nyumba ya mkamwini ndi ndende? Pakamwa panga sipangatero. Ndinanena zomwe zimaneneka."

Medson anatulutsa makiyi m'thumba. Zala zake zinali zitang'ambika ndi kuzizira, ndipo mphete ya makiyiyo inali yolimba, moti anachita kuitsegula ndi mano. Anachotsa kiyi wa nyumba ndi wa chitseko cha pansi, n'kuwakankhira kumbuyo, pansi pa chitseko, osacheuka.

"Mwiza, uwapatse agogo ako. Ine ndizigogoda. Uwauzenso kuti mu kabati muli jekete lalikulu la mayi ako ndi majombo. Ngati sakuopa mvula, ine nditsogola."

"Panopa?"

Funsolo silinadzere mwa mwana. Onse awiri anazindikira, ndipo onse awiri anakhosomola.

Anatuluka patapita mphindi makumi awiri, Medson patsogolo, a Nangozo mapazi khumi kumbuyo, Mwiza kumsana mkati mwa jekete, chitenje chitamangidwa pamwamba pake. Pa lifiti m'pamene panavuta. Lifiti ndi chipinda, ndiponso chaching'ono kuposa zonse. Medson anaiitana, chitseko chitatseguka anapatuka n'kuyang'ana kukhoma. A Nangozo analowa. Iye analowetsa mkono wokha, napapasa mabatani mpaka anapeza lapansi penipeni.

"Mwiza, uwauze kuti ikagwedezeka asaope. Ikatseguka atuluke, andidikire."

Anathamanga pa masitepe nsanjika zisanu ndi zinayi, mawondo akulira. Anawapeza ataima pakhomo, atagwira makiyi mwamphamvu ngati wina awalanda, akuyang'ana mvula.

Kupaki kunalibe munthu. Medson ankamva majombo akuphwanya matope kumbuyo kwake, kenako sanawamvenso. Anaima, osacheuka, n'kudikira. Ankangomva mvula ikugunda pa ambulera ya a Nangozo ndi munthu akupuma mozama, kamodzi, kawiri, katatu.

"Dothi lake ndi lakuda bwino," anatero a Nangozo. "Mbatata zikhoza kuchita. Amangolisiya chonchi?"

"Mwiza, uwauze kuti amangotchetcha udzu."

"Anthu awa." Majombo anayambanso kuyenda. "Uwauze bambo ako kuti za Lamlungu ndikambirana ndi mayi ako. Chisanu choyera chomwe amanenacho ndikufuna ndichione ndi maso anga, ndikawauze amayi a Mvano. Koma masana aliwonse ine ndizitsika. Iwo akafuna kukhala m'nyumba mwawo azikhala, tizisinthana."

Medson anavomera ndi mutu. Mvula inali itamulowa kale mpaka m'malaya amkati, ndipo panalibe chizindikiro choti ikata. Anafika pamalo oponyera dengu loyamba. Posadziwa choti achite ndi manja ake, anatulutsa mbale yofiira n'kuponya. Inakwera, inakhotera kumanzere, n'kukalowa m'zitsamba.

Anapita kukaifuna, akupalasa masamba onyowa ndi phazi.

"Mwiza," anatero mawu kumbuyo kwake, "uwauze kuti akufuna polakwika. Ili kuseri kwa chitsa."