Mipando Yobwereka ya Atelala

Uthenga unalowa pafoni Lolemba m'mawa, Namabuku akutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Anauwerenga kawiri, manja ali thovu lokhalokha, kenako anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Ababa! Amayi! Akubwera Lachinayi!"

Bambo ake, omwe aliyense ankangowatchula kuti Atelala, anaimitsa makina pakhonde, ulusi uli pakamwa. Ndi iwo amene anam'patsa mwanayu dzina loti Namabuku, chifukwa ali wamng'ono ankagona atakumbatira buku ngati chidole. Tsopano mabukuwo anali atam'tsegulira khomo: dzina lake linali litatuluka ku yunivesite, maphunziro a zamagetsi. Koma fizi yake, ngakhale Atelala akanasoka zigamba zaka zitatu osapuma, sakanaikwanitsa. N'chifukwa chake Namabuku analemba fomu ku ofesi yothandiza ophunzira. Ofesiyo ikakana, malo ake aperekedwa kwa wina mwezi ukatha.

"Akubwera ndani, mayi?" anafunsa Atelala.

"Wa ku ofesi ya thandizo. Akuti adzaone mmene timakhalira."

Mayi ake anayamba kuvina tsache lili m'manja, koma Atelala anasuzumira m'nyumba. Anayang'ana benchi la mwendo waufupi lija amalichirikiza ndi njerwa, mphasa yodyeka m'mbali, ndi chidebe chimene chinkakhala pansi pa lata lodontha. Anangoti, "Mmene timakhalira, eti?"

Lachitatu Namabuku ananyamuka kupita ku sukulu yake yakale kukatenga kalata ya ahedi, pepala lokhalo limene linatsala. Kunali kutali, choncho anakagona kwa azakhali ake.

"Musavutike ndi kanthu, ababa," anatero potsazika. "Angodzaona basi."

"Pita, mayi. Zapakhomo tisiyire akuluakulu."

Lachinayi anabwerera dzuwa lisanatenthe, akuyenda chothamanga, kalata ataiika m'buku kuti isakwinyike. Atalowa m'nyumba anaima chilili, n'kubwereranso panja kukaonetsetsa ngati sanasochere.

Pabalaza panali mipando itatu yofiira ya wofuwofu, tebulo lagalasi, kapeti, ndi wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko. Benchi kulibe, mphasa kulibe, chidebe kulibe. Ngakhale makina osokera pakhonde panalibe. Pakati pa zonsezo panaima Atelala, atavala jekete yaukwati ya kasitomala wina, choko chidakali pamkono.

"Waona bwanji?" anafunsa akumwetulira mpaka m'makutu. "Zonsezi n'za mayi a pagolosale. Tatuta maulendo asanu ndi wilibala, ine ndi mayi akowa."

"Msana wanga ndiwo mboni," anatero mayi ake, akupukuta galasi la tebulo ndi nsonga ya mpango.

"Ababa, mwachitiranji zimenezi?"

"Iwe ndiwe wa mabuku, ine ndine wa anthu. Maofesi ndayendamo. Wovala bwino ndiye amayamba kuthandizidwa, wa zigamba amauzidwa kuti abwere mawa. Anthu amenewa sangataye ndalama zawo pa mwana wochokera m'nyumba ya benchi lotsimphina. Aone kuti ndife anthu aulemu wathu."

Namabuku anatulutsa kope la fomu ija m'chikwama.

"Ababa, tamverani. Pano alemba kuti thandizo limapita kwa wophunzira amene wasankhidwa, koma banja lake silingakwanitse fizi. Silingakwanitse, ababa! Akaona kanema uyu anena kuti ndinanama pafomu."

"Zolemba n'zolemba. Maso a munthu ndi ena."

Asanayankhe, kunja kunamveka njinga yamoto. Atelala anakonza kolala, mayi ake anaponya tsache kuseri kwa mpando.

Mlendoyo anali mayi wamfupi wovala nsapato zafumbi, chipewa cha njinga m'khwapa, faelo m'manja. Atapatsana moni, anakhala pa mpando wofiira n'kumira mpaka mawondo anakwera m'mwamba. Analandira kalata ya ahedi, naiwerenga akugwedeza mutu. Kenako maso ake anayenda pang'onopang'ono: kapeti, tebulo, kanema. Anatsegula faelo n'kuyang'ana fomu ya Namabuku. Kumwetulira kwake kunachepa.

"Bambo, pano palembedwa kuti mumasoka zovala. Ntchito ikuyenda bwanji?"

"Bwino kwambiri, mayi! Makasitomala mpaka kuwabweza."

Namabuku anasuzumira faelo ija. Cholembera cha mlendo chinali chikuyenda papepala, ndipo iye ankaona ngati chikufufuta dzina lake. Koma angatsutse bwanji bambo ake pamaso pa mlendo? Anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana kudenga.

Mayi ake anabweretsa madzi akumwa m'kapu. Mlendo atamwa, anati aike kapu patebulo, ndiye pawindo panatulukira mutu.

"Pepani alendo, pagalasipo ikani kansalu kaye. Limachita zipsera limenelo."

Anali mayi a pagolosale. Anali ataima pamenepo kuyambira kale, kulondera katundu wawo.

"Anansi athu amenewo," anatero Atelala mofulumira. "Amakonda kwambiri tebulo lathuli."

"Eee, ndimalikonda ngati langa," anayankha mayiwo.

Namabuku analephera kupirira. Anagwada pafupi ndi bambo ake n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ababa, mundikhululukire. Ndiloleni ndiwapemphe alendowa atiyatsire kanemayu."

Mlendo, yemwe anamva mawuwo, anadzuka, natenga chingwe cha kanema, nayamba kufunafuna poti alowetse. Anayang'ana khoma ili, khoma ilo, kuseri kwa chitseko. Kenako anakweza maso kudenga, kumene kunalibe ngakhale babu limodzi, koma kabowo ka lata kolowetsa dzuwa. Anaima chingwe chili m'manja, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka. Mayi ake a Namabuku ndiwo anayamba kuphulika, mayi a pagolosale n'kulandira pawindo, mpaka nyumba yonse inadzaza phwete.

Atelala okha sanaseke. Anakhala pansi, n'kumachotsa timaulusi pa jekete ya eni ake.

"Ndimafuna mwana wanga asanyozeke," anatero.

Mlendo anapukuta misozi ya kuseka, nakhala moyang'anana nawo.

"Bambo, simuli nokha. Sabata yatha ena anabwereka ng'ombe, ena anabisa zawo. Ofesi yathu si ngati maofesi munayendamowo. Ife timafunsa zinthu zitatu: kodi mwana wasankhidwa, kodi mapepala ake ndi oona, kodi banja lingakwanitse fizi palokha. Ndikanalemba zimene mwandionetsazi, mwana wanu akanagwa pa funso lachitatu, ndiponso akanaoneka wabodza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Tandionetsani nyumba yeniyeni."

Atelala anayang'ana mwana wawo. Kenako anavula jekete, naipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Mayi a Namabuku, kokani wilibala."

Ntchito inagundika. Mipando inatuluka, kapeti anakulungidwa, mayi a pagolosale akuthamanga uku ndi uku. "Kanemayo m'gwireni ngati khanda! Atelala, mwendo wa mpando ukukhula chitseko!" Ngakhale mlendo anagwira nawo tebulo mbali imodzi. Benchi linabwerera pamalo pake pamodzi ndi njerwa yake, chidebe pansi pa lata lake.

Pomaliza Atelala anatulutsa makina kuchipinda kumene anawabisa. Anali akale, utoto unatha, lamba wake anali wolumikiza ndi waya pawiri.

"Ndi amenewa," anatero mwamanyazi. "Tsiku labwino ndimasoka zigamba zisanu, mwina ndi yunifolomu imodzi. Miyezi yamvula anthu amangodutsa."

Mlendo anakhala pa benchi n'kulemba zonse. Anafunsa kuti pakhomo amadya anthu angati, munda ndi waukulu bwanji, pali wina amene ali pantchito. Atelala anayankha chilichonse mosabisa, ndipo mayi a Namabuku ankawakonza akaiwala.

"Makina amenewa ndiwo am'fikitsa mwanayu pamene wafikapa," anatero mlendo akuvala chipewa. "Musamawabise. Sindikulonjezani kanthu, chifukwa amene amagamula ndi komiti, koma ndikapereka zimene ndaona. Yankho lidzabwera pafoni."

Masiku khumi otsatira foni sinachoke m'manja mwa Namabuku. Ankapita nayo kumunda, kumjigo, ngakhale kubafa. Ikangolira, nyumba yonse inkathamangira, n'kupeza ndi azakhali akufunsa ngati yankho labwera.

Tsiku la khumi ndi limodzi, masana, Atelala akupalasa makina pakhonde, foni inalira. Namabuku anawerenga, natsegula pakamwa, mawu osatuluka.

"Tanena, iwe!" anakuwa mayi ake.

"Andipatsa! Fizi yonse, ndi malo ogona omwe!"

Mayi ake anamunyamula ngati mwana wakhanda, onse awiri n'kugwera pamphasa. Mayi a pagolosale anabwera akuthamanga, sikelo ya shuga idakali m'manja, akufuula kuti mipando yawo ndi yamwayi.

"Mipando yanu inatsala pang'ono kutigwetsa," anatero Atelala, akupukuta m'maso ndi kansalu kodula. "Amene wakhoza mayeso ndi benchi langali."

Kenako anachotsa tepi m'khosi n'kukodola mwana wawo.

"Taima apa, mayi, tambasula manja. Ku yunivesite supita ndi chovala chobwereka. Ndipo ukakaphunzira zamagetsizo, uyambire nyumba ino. Kanema tidzagula wathu."

Namabuku anatambasula manja, akusekabe, bambo ake n'kuyamba kuyeza.