Makona Opserera

"Kwezani onse, mbwenu tizipita," anatero Zondwayo, akumenya chitseko cha lole ndi chikhatho.

Angelina anaima pakhomo la shedi, duku lakuda lili kumutu. Panali patapita masiku anayi chiikireni mwamuna wake Mateyu, yemwe ankapanga mabolodi a siling'i posakaniza ulusi wa khonje ndi pulasitiki. Popanga a m'nyumba ankayamba wanyika ulusiwo m'mankhwala oletsa moto. A makola a nkhuku ankangowaumba. Milu inali iwiri, koma pamaliro anthu anatenga onse n'kumangira chisakasa cha olira, pobweza n'kuunjika pamodzi. Pamaso onse anali ofanana.

"Mlamu, awa akupita kogona atsikana a sukulu ku Jenda," anatero Angelina. "Sitikudziwa onyikidwa ndi ati."

"Bolodi ndi bolodi. Ahedi adikira chomene. Mukufuna dzina la mkulu wanga linyozeke?"

"Ana aja magetsi akazima amawerengera kandulo."

"Kuno si kwanu ku Kasungu, mlamu. Katundu wa mkulu wanga ndilamula ndine."

Angelina anayandikira mulu uja. Anakoka bolodi limodzi, n'kubenthula kachidutswa, n'kukayatsa ndi machesi. Kanalilima ngati udzu wa mu Okutobala, pulasitiki ikudontha ndi moto wake womwe. Zondwayo anachotsa phazi msanga.

"Ndiye mubenthula mulu wonsewu?" anafunsa, mawu atatsika. "Akagula ndani zobenthuka?"

Angelina anakoka lachiwiri. Chala chake chinada bii. Atayang'ana, anaona kuti pakona imodzi panali popserera, pang'ono ngati chikhadabo. Lachitatu linalibe. Lachinayi linali napo.

Anakumbukira mmene ankakalipira Mateyu chifukwa chomaliza machesi a kukhitchini, ndi matuza omwe sankatha pachala chake chachikulu. Zaka zonsezi ankamuganizira kuti amasuta fodya mobisa.

Anayatsa machesi ena n'kugwiriza pakona yopsererayo mpaka moto unamufika pachala. Bolodi linangoda, osayaka.

"Mateyu ankayesa lonyikidwa lililonse," anatero Angelina. "Limodzilimodzi."

Woyendetsa lole analiza hutala. Zondwayo anamukwezera dzanja kuti adikire. Anayang'ana kachidutswa kaja, komwe kanali kakufukabe padothi. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pamsomali pomwe panali ovolosi ya Mateyu, nagwada pafupi ndi mulu.

"Tembenuzani uko, mlamu," anatero, akupapasa kona ya bolodi lachisanu ndi chala.