Thonje la M'basi

Esinati anagula basi yakufa ku Namitambo kuti azisokeramo zovala. Atakanganula malata a m'kati, anapeza thonje lachikasu litadzaza khoma lonse.

"Mulungu wandipatsanso mtsamiro wa mwana wanga," anatero akuseka, uku akutambasula dzanja.

Che Amidu, owotcherera zitsulo amene ankamuthandiza, anamuletsa. Anapana kachidutswa ndi pulayala nakaonetsa padzuwa, ndipo kananyezimira.

"Ndi galasi limeneli, mayi. Mwana angadzikande mpaka magazi."

Awiriwo anawaza madzi kuti fumbi lisauluke, anamanga nsalu kumphuno, navala majumbo m'manja. Anadzaza matumba akuimba, nakawakwirira kutali.

M'mawa mwake Esinati anapeza thumba la usufu, thonje lofewa la mumtengo, limene Che Amidu anamusiyira pampando wa dalaivala. Anathokoza Mulungu chamumtima, nayamba kusoka mtsamiro uja.