Wojambula Sajambulidwa

"Chonde musataye ndisanaone!"

Anatero namwino wina atagwira katoni mbali iyi, mwana wamwamuna wa malemu wojambula zithunzi atagwira mbali inayo. Katoniyo inang'ambika kunsi, zithunzi n'kuti mbwee pa simenti: maukwati a eni, makanda a eni, ana a sukulu atandanda ngati mano a chipeso.

"Mwaona zomwe mwachitazi?" anakalipa mwamunayo. "Mwini nyumba akufuna makiyi a situdiyo lero. Ngati mwadzera kamera, nenani poyera."

"Sindikufuna kamera, achimwene."

"Achimwene anu ndani?"

Namwino anayang'ana zithunzi zili pansi zija. Bambo ake, malemuwo, anachoka iye ali m'mimba, ndipo mayi ake anamwalira osamuuza ngakhale zoti munthuyo anali wamtali kapena wamfupi. Wakula akusuzumira abambo a anzake. Ngakhale kuntchito, akamasambitsa madala odwala, ankawayang'anitsitsa mphuno, kuti mwina n'kupezapo yake. Uthenga wa maliro unamupeza atawaika kale masiku anayi apitawo. Anadzera chinthu chimodzi basi: kuona nkhope ya bambo ake. Poti munthuyo anali wojambula zithunzi, iye ankati ndi nkhani yapafupi. Kalanga ine, akanadziwa!

Anagwada n'kuyamba kusanthula, chimodzichimodzi. Mkazi wa malemu anali atakhala pa kampando ka makasitomala, kutsogolo kwa chinsalu chojambulidwa mathithi, akungomuyang'ana.

"Mayi, pa zonsezi iwo ndi ati?"

"Palibepo, mwanawe."

"Nanga cha ukwati wanu?"

"Anajambula okha. Ndilipo ndekha ndi maluwa."

"Chitupa chawo?"

"Chinatsala kumene tinakalembetsa imfa."

Namwino anatembenukira kwa mwamuna uja, manyazi onse atatha. "M'foni mwanumo, bambo. Ngakhale chosaoneka bwino. Ndikugwirani mwendo."

Mwamunayo anayang'ana kumbali. "Ukangokweza foni ankakupatsa nkhongo. Ankati wojambula sajambulidwa." Mawu ake anali atatsika tsopano. Anatola tsache, koma sanasese.

Namwino anapitiriza kufukula. Anakhuthula katoni yachiwiri, yachitatu, mpaka zala zinada ndi fumbi. Anthu onsewa, osekerera, ovala masuti obwereka, anawaona bambo ake maso ndi maso. Bambowo anawauza kuti kwezani chibwano, sekani pang'ono. Iye yekha, magazi awo enieni, ndiye ayi. Nsanje inamugwira, nsanje yochitira anthu osawadziwa n'komwe, ndipo analira mokweza ngati kamwana kotayika pamsika.

"Ndiye ndikadzafa ndidzawadziwa bwanji? Ndidzangowadutsa ngati mlendo!"

Panja galimoto yonyamula katundu inaliza hutala.

Mkazi wa malemu anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anatsegula kachikwama kake ka m'manja, n'kutulutsa chithunzi chimodzi chopindika m'makona.

"Ichi ndimasunga ndine. Sankadziwa kuti ndili nacho."

Chinali cha galimoto ya ukwati wa anthu ena, yopukutidwa mpaka kuwala. Pa galasi la chitseko chake pankaoneka munthu wamng'ono ngati chala, atawerama, malaya oyera, zigongono zili m'mwamba. Pamene panayenera kukhala nkhope panali kamera.

"Ndi awa bambo ako."

Namwino anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anapita nacho pakhomo pomwe pali dzuwa. Khutu limodzi lokha ndi limene linkaoneka.

"Mayi, inu munakhala nawo. Ndiuzeni, ankaoneka bwanji?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu m'nyumba imodzi," anayankha mayiwo, akutseka kachikwama. "Nanenso ndinkawaona choncho, mwanawe."

Hutala inaliranso. Namwino anaimabe pakhomopo, akukanda kakamera ka pachithunzipo ndi chikhadabo pang'onopang'ono, mpaka pepala loyera linayamba kuonekera.