Madzi a m'dibi la Apwitikizi

Tinabwerako kuchokera ku Malawi, komwe tinathawira nkhondo, mu 1994 ndi mbuzi zisanu ndi chitseko chimodzi. Kwathu ku Itepela tinapeza thengo lokhalokha. Chomwe chinatsala chilili ndi dibi la Apwitikizi, chidzenje cha simenti chomwe kale ankasambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Linali lodzaza madzi a mvula. Bambo anga, a Raimundo, anati basi, madzi oumbira njerwa apezeka pafupi.

Ine Nádia pakamwa panga sipatseka, aliyense amadziwa. Ndiye tsiku lina mbuzi zathu zitadya nandolo wa mayi Regina, amasiye oyandikana nafe, ndinawamva akukalipa kuti, "Zidzafa zimenezi, muona!"

Sabata isanathe zinayi zinafadi, zikutsegula m'mimba, dovu kukamwa. Ine liwiro kuchitsime.

"Mwamva? Mayi Regina anachita kunena okha kuti mbuzi zathu zidzafa!"

"Iii, mwana iwe, unamva ndi makutu ako?" anafunsa mayi Luciya, akutula ndowa.

"Awiri onsewa!"

Ndinawonjezerako pang'ono, ndinati ndinawaona akuzungulira khola lathu. Sindinawaone ayi. Kungoti nkhani inkakoma, amayi onse atandizungulira.

Anthu anasiya kuwapatsa moni mayi Regina. Anyamata anakawasasulira denga lomwe anali atangofolera kumene. Mayi Regina anabwera kwathu, n'kugwada pabwalo.

"Bambo a Nádia, nkhondo tinathawa limodzi. Lero ine ndiphe mbuzi zanu?"

Bambo anangopitiriza kusanja njerwa. M'mawa mwake mayiwo anasenza kamtolo kawo, ulendo wa kumalire ku Mandimba, kubwerera ku Malawi komwe analibe ngakhale munda.

Patatha mwezi kunabwera a Momade, dokotala wa ziweto wochokera ku Cuamba, pa njinga yamoto. Ataona dibilo anagwira m'mutu.

"Bambo, mukutunga muno? Mankhwala akale a nkhupakupa anali aseniki, poizoni weniweni. Saola ameneyo, amakhala m'matope zaka ndi zaka. Ziweto zimamukonda, amakoma ngati mchere."

Ine ndinakumbukira pompo. Mbuzi zathu zinkamwa m'zithaphwi za pomwe bambo ankapondera dothi, tsiku lililonse, ine ndikuona.

A Momade atangochoka ndinati, "Bambo, tiwatumizire mawu mayi Regina abwerere."

"Abwerere kuti? Ukangoyerekeza kukanena zimenezi kunja, uona."

Munda wa mayi Regina bambo anali atautipula kale, mbande za fodya zili pa nazale. Ndinakadandaula kwa amayi anga. Anandipatsa ndowa, akuti ndikathirire mbandezo dzuwa lisanakwere.