Mimba ya Kakowa wa Mfuti

Minibasi itagunda kakowa wa mlongo wanga m'mawa uja, ine ndinaseka. Panalibe wovulala, ndipo dalaivala anatsika atagwira kumutu ngati wafedwa. Kakowayo ndi chiboliboli chachitali ngati nyumba, chimene mlongo wangayo, Zefanias, anapanga ndi zida zakale zankhondo n'kuchiimika pabwalo lina ku Alto-Maé, pomwe ine ndimagulitsa buledi ndi bajiya, tizitumbuwa ta nyemba. Mapiko ake ndi mipope ya mfuti, ndipo mimba yake ndi bomba lalikulu la mzinga, lofiira ndi dzimbiri. Chiboliboli chimenechi ndicho chinam'tulutsa mlongo wanga m'gulu la owotcherera mageti n'kumuika m'nyuzipepala.

Minibasiyo inapinda mwendo umodzi, pamwamba penipeni pomwe mwendo umakumana ndi mimba. Mwini galimoto, bambo Mabunda, anafika thukuta lili kamukamu. Sankafuna kuti apolisi aone, choncho dzuwa lisanafike paliwombo anabwera ndi wowotcherera wa m'mbali mwa msewu, dzina lake Armindo, jenereta ili pangolo yokankha.

Ndinaimbira Zefanias kuti aseke nawo.

"Achimwene, mbalame yanu yathyoka mwendo. Koma musade nkhawa, adokotala afika kale ndi moto wawo."

"Moto wanji?"

"Wowotcherera. Akufuna aiwongole."

Atayankhulanso, mawu ake anali a munthu wina.

"Percina, tamvera. Asayatse. Moto usayandikire pamimba paja."

"Chifukwa?"

"Zida zinazo ndinalandira asilikali atazidula kale. Koma bomba lija ndinalitenga kwa mdala wina ku Moamba. Anati mulibe kanthu. N'chifukwa chake ndinangolimanga ndi mabawuti, sindinaliwotcherere."

"Anati? Inu simunaone nokha?"

"Ndili ku Matola, ndikukwera galimoto pompano. Umuletse. Koma usanene chifukwa chake, mlongo wanga. Ukangonena, ndikawolera kundende."

Ndinakwiya kwambiri. Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, kutiikira chinthu choterechi pakati pa tauni chifukwa choti chinali chokongola! Koma ndi iyeyu amene anandibereka kumsana pothawa nkhondo kwathu kuchigawo cha Gaza, mayi athu atatsala m'njira. Ndinasiya mafuta akuwira pamoto n'kupita.

"Bambo, dikirani pang'ono," ndinatero kwa Armindo. "Mwini wake akubwera. Ndi mlongo wanga."

Armindo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuduku.

"Mayi, ine ndinabwerapo kudzakuphunzitsani kukazinga bajiya?"

Makondakitala amene anaima pafupi anaseka. Bambo Mabunda anayang'ana kumsewu, kuopa apolisi.

"Fulumira iwe, galimoto yanga yaima," anatero.

Ndinathamanga kukatenga buledi, ndinaikamo bajiya zotentha n'kuthira tsabola.

"Idyani kaye, bambo. Yaulere. Khalani pamthunzi apo."

"Ee, koma lero ndadzuka bwino," anatero Armindo. "Amuna anu akudziwa?"

Analandira ndi dzanja limodzi, n'kumadya ataimirira. Ndi dzanja linalo anatenga chopanira cha waya, chija owotcherera amamangirira pachitsulo asanayambe ntchito, n'kumafufuza poti apanire. Mipope ya mfuti inali yopyapyala, sinam'sangalatse. Maso ake anagwera pamimba. Anatulutsa tupa n'kuyamba kupala dzimbiri pabomba lenilenilo, khwee, khwee, mpaka chitsulo chinawala, kenako anagogodapo kawiri n'kupanira.

Ndinaimbanso foni.

"Muli pati?"

"Magalimoto sakuyenda, lole yagwa. Wamuletsa?"

"Wapanira waya pabomba, achimwene."

"Zimitsa jenereta! Gwa pansi, komoka, chita chilichonse! Koma usanene, ndakupempha."

Jenereta inali itayamba kulira. Ndinapita n'kuzula waya wa pajeneretayo. Phokoso linapitirira koma moto unathawa, ndipo Armindo anakweza chigoba cha kumaso.

"Mayi awa ali bwinobwino?"

Bambo Mabunda anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mukufuna chiyani, mayi? Kuti apolisi andipeze? Mlongo wanuyo akufuna andidyere ndalama, eti?"

"Ndisiyeni! Chinthu ichi si chanu!"

"Ndi cha tonse, chili pamsewu," anatero kondakitala wina, anzake n'kuwomba m'manja.

Anthu anali atachuluka tsopano, pakuti mkangano wa mkazi ndi amuna umaitana anthu kuposa maliro. Panali amayi ogulitsa mtedza, mlonda wa sitolo ya nsalu, ndi mtsikana wina woyembekezera amene anatsamira mwendo wabwino wa kakowa kuti apume. Wina anabwezeretsa waya uja. Bambo Mabunda sanandisiye. Ndinayang'ana kumsewu wochokera ku Matola, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti kulibe amene atulukireko.

Armindo anatsitsa chigoba. Anagwada pansi pa mimba, mutu wake utatsala pang'ono kuigunda, n'kukhudzitsa ndodo yake pachitsulo. Moto wabuluu unathetheka.

"Ndi bomba lamoyo!" ndinakuwa. "Silinachotsedwe wonga! Mlongo wanga wanena yekha!"

Anaseka. Ndikunena zoona, anthu anaseka. Koma mayi wina wachikulire wogulitsa mtedza sanaseke. Anaponya lichero pansi, anakoka mtsikana woyembekezera uja n'kuyamba kuthamanga osacheuka, mmene tinkathamangira masiku a nkhondo aja. Anthu ataona kathamangidwe kameneko, kuseka kunatha. Bwalo lonse linabalalika. Bambo Mabunda anandisiya, nsapato yawo imodzi n'kutsala pomwepo. Armindo anakwawa chobwerera, chigoba chidakali kumaso, mpaka anagunda ngolo yake.

Apolisi anabwera, kenako asilikali. Anamanga chingwe n'kutitsekera kutali. Msilikali mmodzi anayandikira yekha, anasuzumira kunsi kwa mimba nthawi yaitali, ndipo ine mumtima ndinkapemphera zinthu ziwiri zotsutsana: kuti bombalo lipezeke lopanda kanthu, komanso kuti ndisakhale kuti ndamuulula mlongo wanga pachabe. Atabwerako sanayankhule ndi ife. Anangouza anzake kuti asunthe chingwe chija, chifike kuseri kwa sitolo ya nsalu.

Armindo anakhala pansi m'ngalande n'kuyamba kusanza buledi wanga.

Zefanias anafika wapansi, malaya atanyowa, nthawi imene wapolisi wamkulu ankafunsa khamu kuti anapanga chibolibolicho ndani. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

"Ndine," anatero mlongo wanga kumbuyo kwanga.

Anatambasula manja yekha asanamuuze. Pomudutsitsa pafupi nane ndinam'gwira malaya.

"Achimwene, munthu uja anali atayatsa."

Anaima. Anayang'ana Armindo m'ngalande muja, anayang'ana kakowa wake, asilikali atayamba kumuzinga ndi matumba a mchenga.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi, Percina," anatero motsitsa. Wapolisi anam'kankha, koma iye anacheukanso. "Ndipo ukanandimvera, sindikanakukhululukira."

Anam'kweza kumbuyo kwa galimoto, pabenchi, pakati pa apolisi awiri.