Thambo la M'galasi la Wometa

M'chipinda cha wometa munali galasi lalikulu loyang'ana kukhomo, ndipo pakona yake yam'mwamba pankaoneka kachidutswa ka thambo, kochepa ngati mpango wa m'manja. Mtambo ukalowa pamenepo, iye ankazimitsa makina, kupukuta manja pa epuloni, n'kutulutsa foni kuti aujambule. Wometedwayo ankangodikira, mutu uli theka. Ena ankang'ung'udza. Ena anazolowera, moti ankachita kumukodola okha kuti kwabwera wina wonga thonje.

Kenako kutsidya kwa msewu anayamba kumanga nyumba yosanja. Khoma linkakwera, thambo n'kumachepa, mpaka m'galasi munangotsala njerwa zokhazokha. Mmodzi mwa omangawo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe ankabwera kudzametetsa tsitsi litayera mbuu ndi simenti.

Tsiku lina akumumeta, wometa anadandaula kuti mlamuyo anamupatsa mkazi ndi dzanja lamanja, n'kumulanda thambo ndi lamanzere. Mlamuyo anaseka mpaka makina anamuluma kukhutu.

"Tsekani chitseko, alamu," anatero. "Tiyeni mukaone komwe ndakusungirani."

Anakwera masitepe opanda pogwira a nyumba yosanja ija, akulambalala zitsulo ndi mawilibala. Atatulukira padenga wometa anaima chilili. Thambo linali ponseponse. Kum'mawa mitambo inaunjikana ngati thovu lometera ndevu, kumtunda kwake ina yopyapyala ikuyenda mobwerera, ngati yaiwala kanthu. Kutali, kupitirira nsanja za magetsi, mvula inkayenda yokha ndi miyendo yotuwa.

Wometa anagona chagada pa thabwa n'kuyamba kujambula. Mtambo umodzi unasanduka ngwazi yonyamula katundu, kenako katunduyo anasungunuka, ngwaziyo n'kutsala mutu wokha. Iye anamva ngati nyumbayo ndiyo ikuyandama, mitambo yangoima. Mlamu wake ananena kuti iye pogwira ntchito maso amakhala pa chingwe choongolera khoma, kumwamba sayang'anako, kuopa chizungulire. Anagona nayenso, chipewa pachifuwa, ndipo posakhalitsa mkonono unayamba.

Mthunzi wa mtambo unkabwera pang'onopang'ono, ukudumpha madenga, msika, bwalo la sukulu. Wometa anaudikira mpaka unawafika, kamphepo kozizira n'kumulowa m'malaya.

Foni inalira m'manja mwake. Anali mkazi wake, akufunsa komwe ali, poti anthu akugogoda pa chitseko chotseka. Iye anayankha kuti ali kumwamba ndi mlamu wake.

"Poti muli komweko, bambo, tandiuzani," anatero mkaziyo. "Zovala ndianule?"

Wometa anadzutsa mutu, nayang'ana miyendo ya mvula ija. Inali itakhotera kumpoto.

"Zisiyeni, mayi. Ziuma."